Kodi wolemba mapulogalamu a kompyuta angaphunzire luso lokongoletsa?

Mukafika pa msika wa Dedza, Bembeke kapena Chimbiya, sipatenga nthawi kuti muone mayi wogulitsa mbatata ya kachewere akupatsira mnyamata foni kuti amuthandize kulembetsa dzina kapena kutumiza uthenga. Kuwerengera ndalama mayiyo amatha bwino lomwe, ndipo chenje salakwitsa. Chomwe chimamugonjetsa ndi timalemba ting'onoting'ono, mabatani ofanana ndi Chingerezi chodzadza pa galasi la foniyo.

Anthu ambiri amati vuto ndi sukulu yochepa ya mayiyo. Koma nthawi zambiri vuto limakhala la amene anakonza pulogalamuyo. Iye anaphunzira kulankhula ndi makina, koma sanaphunzire kuona ndi maso a munthu amene adzaigwiritse ntchito.

Nkhaniyi ikukhudzanso makolo amene akugulitsa mbatata, nyemba ndi mbuzi kuti ana awo aphunzire za kompyuta ku MUBAS, ku MUST kapena ku makoleji ena. Mwana akabwerako n'kumapanga masamba a pa intaneti osokoneza maso, ntchito imapita kwa wina. Ena amangogwa ulesi n'kumati luso lojambula ndi lokongoletsa n'lobadwa nalo, munthu wa masamu sangalithe. Kodi zimenezi n'zoona?

Yankho lili pakhomo pompano

Boma la Dedza lili ndi umboni wokwanira wotsutsa maganizo amenewa. Ku Mua, wansembe wochokera ku Canada, bambo Claude Boucher, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976. Anyamata a m'midzi yozungulira anaphunzira kusema pokhala pafupi ndi odziwa, kuonerera, kuyesa, kulakwitsa ndi kudzudzulidwa. Ziboliboli zawo zinakalowa m'matchalitchi a m'dziko muno, zina mpaka kunja.

Chimodzimodzi pa Dedza Pottery, pomwe ntchito youmba inayamba mu 1987. Munthu amene amajambula nsomba kapena njovu pa kapu sayamba ndi kapu yogulitsa. Amayamba waononga dothi ndi utoto, kufikira dzanja litazolowera ndipo diso litadziwa pomwe chithunzi chikuyenera kuthera kuti chisapanikizane ndi chogwirira.

Ngakhale zojambula za m'mapanga a Chongoni, zomwe bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zikuphunzitsa zomwezo. Pa malo 127 amenewa pali zofiira zomwe anasiya Akafula, ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Zizindikiro zake zimabwerezedwa phanga ndi phanga, kusonyeza kuti ojambulawo ankatsata zomwe anaona kwa akuluakulu awo. Ankajambula kuti uthenga umveke kwa ouona.

Wa masamu amene anaphunzira zilembo

Kunja nakonso chitsanzo chilipo. Donald Knuth, katswiri wa kompyuta pa yunivesite ya Stanford ku America, anakhumudwa mu 1977 ataona momwe osindikiza anaipitsira maonekedwe a buku lake. Iye anaika pambali ntchito zina n'kuyamba kuphunzira kapangidwe ka zilembo: kunenepa kwa mzere, kupindika kwake, ndi mpata woyenera pakati pa chilembo ndi chinzake. Mu 1978 anatulutsa pulogalamu ya TeX, yomwe akatswiri a masamu akugwiritsabe ntchito polemba mabuku awo.

Chofunika kudziwa n'chakuti zilembo zake zoyamba sizinamukhutitse iye mwini. Anapempha uphungu kwa amisiri a zilembo monga Hermann Zapf wa ku Germany, ndipo ntchito yomwe ankayesa ya miyezi yochepa inamutengera pafupifupi zaka 10. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phunziro la ku chipatala

Kuno kwathu, mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake, amene ntchito yawo inadzabala bungwe la Baobab Health Trust, anayamba kuika makompyuta olembera odwala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Iwo anazindikira kuti ogwira ntchito ambiri anali asanagwirepo kompyuta, ndiponso kuti mzere wa odwala sudikira munthu wosakasaka chilembo. Choncho anakonza makina ongokhudza ndi chala pa galasi, okhala ndi mabatani akuluakulu, ofunsa funso limodzi pa nthawi, ndipo pomaliza amatulutsa kapepala komata m'kabuku ka wodwala.

Apa panalibe maluwa kapena mitundu yothobwa m'maso. Kukongola kwake kunali kwakuti kalaliki wotopa amatha kugwira ntchito mosasochera. Nzeru imeneyi anaitola poima m'chipatala n'kumaonerera momwe anthu amagwirira ntchito.

Zomwe zimaphunzirika

Luso loyala zinthu pa galasi lili ndi malamulo ake ngati momwe ulimi wa mbatata ulili ndi ake. Chinthu chofunika kwambiri chikhale chachikulu ndipo chioneke msanga. Zinthu zogwirizana zikhale pamodzi, monga momwe mayi wa pa msika amaunjikira tomato payekha, anyezi payekha. Mitundu ikhale iwiri kapena itatu basi. Malemba otuwa pa malo oyera sawerengeka, makamaka pa dzuwa la masana. Batani lotumizira ndalama lisagundane ndi lolepheretsa.

Palinso za kwathu kuno zomwe mabuku a kunja sanena. Mawu a Chichewa amatalika kuposa a Chingerezi, moti batani lomwe linakwana mawu achizungu limadula lathu pakati. Mafoni ambiri a kumudzi ndi aang'ono, ena magalasi ake ndi osweka, ndipo zithunzi zolemera zimatha bandulo munthu asanaone n'komwe chomwe amafuna. Wophunzira amene wayesa pulogalamu yake pa laputopu yokha sangadziwe zimenezi.

Komabe tisanamizane

Si aliyense wolemba mapulogalamu amene adzasanduke mmisiri wa zojambula, monganso si onse amene anagwira sompho ku Mua anatchuka. Anthu amasiyana mphatso. Pa ntchito yaikulu ndi bwino wolemba pulogalamu agwirane manja ndi wojambula, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ngakhale kampani ya Apple, pokonza kompyuta ya Macintosh yomwe inatuluka mu 1984, inalemba ntchito wojambula, Susan Kare, kuti apange tizithunzi take.

Ena akuti masiku ano palibe chovuta chifukwa Canva ndi mapulogalamu a AI amayala chilichonse m'kanthawi kochepa. N'zoona amathandiza. Koma makinawo akakupatsa zitsanzo zisanu, wosankha ndiwe, ndipo munthu amene diso lake silinaphunzire amasankha chonyezimira m'malo mwa chomveka.

Apa ndiye pali ntchito ya sukulu zathu. MUST, yomwe inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ili ndi ophunzira a zaumisiri komanso a zaluso ndi chikhalidwe pa malo amodzi. Palibe chifukwa choti magulu awiriwa azingokumana kodyera kokha.

Kwa makolo, mwana wa za kompyuta akamajambula m'kope musamukalipire kuti akutaya nthawi. Ndipo iwe mnyamata kapena mtsikana amene wabwera ku holide ndi pulogalamu yako, usaionetse anzako okha. Pita nayo kwa agogo kapena kwa azakhali pa msika, uwapatse foniyo, ukhale chete n'kumayang'ana chala chawo. Pomwe chaima n'kuyamba kunjenjemera, pomwepo ndi pofunika kukonza.