Yambani ndi Chimera, Mapepala a Mayeso Abwere Pambuyo

Mphunzitsi mnzanga, ine sindine katswiri wa sayansi. Ntchito yanga ndi yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga, ndipo madzulo ndimathandizako amene akubwereza mayeso a Fomu 4 m'makomboni a kuzambwe kwa mzinda wa Bulawayo. Komabe pali mutu umodzi wa Biology umene ndauona ukugwetsa ophunzira chaka ndi chaka, ndipo ndati tikambirane. Mutuwu ndi respiration, njira imene maselo amatulutsira mphamvu yosungidwa m'chakudya. Maganizo anga ndi akuti timayambira polakwika. Timathamangira kulemba mawu pabolodi ndi kugawa mapepala a mayeso akale, chonsecho ophunzira athu adaiona kale nkhaniyi pakhomo pa amayi awo.

Tsiku lina ndidafunsa kalasi ya madzulo kuti respiration imachitikira kuti. Onse adayankhira pamodzi: "M'mapapo!" Anthu omwewa amatha kunena pamtima, mosaphonya, kuti gulukozi ndi okosijeni zimapereka kaboni dayokisaidi, madzi ndi mphamvu. Nditafunsanso kuti nanga njere ya chimanga mapapo ake ali pati, m'kalasi mudangoti zii. Pakati pawo padali mayi wina wa ana atatu amene amalemba phunziroli kachitatu. Iye amafuna unamwino, ndipo sukulu za anamwino ngati ya pa chipatala cha Mpilo zimafuna maphunziro asanu okhoza bwino, kuphatikizapo Chingerezi ndi sayansi. Chaka chilichonse amalipira yekha ndalama za mayeso kuchokera pa geni yake ya tomato. Waulesi sadali, mbuli sadali. Adangoloweza chinthu chimene palibe adamuonetsa.

Vuto lina lili m'zilankhulo zathu. Mwana akafunsa tanthauzo la respiration, ambirife timayankha mwachidule kuti ndi kupuma. Wa Chindebele amauzidwa kuti ukuphefumula, wa Chishona amauzidwa kuti kufema. Basi, pamenepo talakwitsa kale. Kupuma ndi kulowetsa ndi kutulutsa mpweya m'mapapo. Respiration imachitika m'selo lililonse lamoyo, la munthu, la nyemba, la bowa, usana ndi usiku. Gawo loyamba limachitikira mu cytoplasm, ndipo gawo lofuna okosijeni limachitikira mu mitochondria. Kupuma kumangobweretsa okosijeni ndi kuchotsa kaboni dayokisaidi. N'chifukwa chake mpweya umene timakoka uli ndi okosijeni wokwana 21 pa 100, pamene umene timatulutsa umatsala ndi pafupifupi 16 pa 100. Wotsalayo wapita kuti? Funso limeneli ndilo khomo la phunziro lonse.

Ife a sukulu za kwacha tidaphunzira kalekale kuti munthu wamkulu sumuyambitsa ndi zilembo zopanda tanthauzo. Mu 1963 ku Angicos m'dziko la Brazil, Paulo Freire ndi anzake adaphunzitsa anthu pafupifupi 300 kuwerenga poyambira pa mawu a m'moyo wawo wa tsiku ndi tsiku. Njira ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid lidayamba kuyesa mu 1993, idatsata mapazi omwewo. Mfundo yake ndi yosavuta: wophunzira sabwera chimanjamanja. Ndiye ndidadzifunsa kuti, kodi mawu a pakhomo otsegulira mutu wa respiration ndi ati? Yankho ndi chimera.

Chimera aliyense amachidziwa. Ashona amachitcha chimodzimodzi, Andebele amati imithombo. Mumaviika mapira, mawere kapena chimanga, n'kuziika m'thumba kapena kuzivundikira kwa masiku angapo mpaka zitamera. Nditafunsa kalasi zimene zimachitika m'thumbamo, mayi uja ndiye adayankha: "Aphunzitsi, mukapisamo dzanja mumamva kufunda." Ndidamufunsa kuti moto wake wachokera kuti, poti thumba lili m'nyumba, pamthunzi. Adaganiza kanthawi, kenaka adati, "Ndiye kuti njerezo zikudya chakudya chake chomwe." Tamvani yankho limenelo! Ndiyo respiration imeneyo, m'mawu ake a mwiniwake.

Tsopano onani mmene chimera chimakumanirana ndi mayeso. M'mabuku a Biology muli kuyesa kotchuka kwa mafulasiki awiri: m'modzi muli nyemba zomera, m'mwinamo muli nyemba zowiritsa, ndipo monse muli choyezera kutentha. Nyemba zomera zimakweza kutentha, zowiritsa ayi, chifukwa maselo ake adafa. Nyembazo amazitsuka ndi mankhwala opha tizilombo kuti kutentha kusachokere kwa tizilomboto. Wophunzira amene adapisapo dzanja m'chimera akaona chithunzichi amangoti, "Ili ndi thumba lija." Ngakhale asayansi eniake adayambira pa kutentha komweku. M'zaka za m'ma 1780, Antoine Lavoisier ndi Pierre-Simon Laplace adaika mbira m'chotengera chozunguliridwa ndi madzi oundana, n'kuyeza kuchuluka kwa madzi amene adasungunuka. Adapeza kuti thupi limatentha chakudya pang'onopang'ono, popanda lawi.

Chimera chomwecho chikutengerani ku gawo lachiwiri, la respiration yopanda okosijeni. Thobwa, kapena mahewu monga amanenera kuno, likagona limayamba kusasa chifukwa cha mabakiteriya opanga asidi. Likapitirira masiku, yisiti amasandutsa shuga kukhala mowa ndi kaboni dayokisaidi, ndipo thovu limayamba kutumphuka. Mwana wa ku Makokoba kapena ku Mzilikazi safunika kuuzidwa kuti Ingwebu n'chiyani, ndiponso adaonapo ufa wokanda wa buledi ukufufuma. M'kalasi mungofuna botolo, madzi ofunda, shuga, yisiti wa pagolosale ndi chibaluni chovundikira kukamwa kwa botolo. Pakapita kanthawi chibaluni chimafufuma. Mpweya umenewo mukaudutsitsa m'madzi a laimu, madziwo amayera ngati mkaka, umboni wakuti ndi kaboni dayokisaidi. Labotale sifunika, magetsi safunika.

Apa ndiye mubweretse manambala. Popanda okosijeni, selo limapeza ATP 2 pa gulukozi mmodzi. Ndi okosijeni limapeza pakati pa 30 ndi 32, ngakhale mabuku akale amati 38. Kusiyana kwakukuluku kumabwera chifukwa popanda okosijeni gulukozi saphwanyidwa yense, mphamvu yambiri imatsalira mu mowa. Afunseni ophunzira chifukwa chimene kachasu waukali amayakira akamuyandikiza kumoto, muone nkhope zawo zikuwala. Za minofu nazo musavutike. Osewera mpira ku Barbourfields akathamanga kwambiri amapitiriza kupuma wefuwefu ngakhale ataima. Minofu idagwira ntchito mopitirira okosijeni amene amafika, idapanga lactic acid, ndipo tsopano thupi likubweza ngongole ya okosijeni.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Mukuti silabasi ndi yaitali, kalasi ndi yodzaza, Novembala sadikira munthu, ndipo ZIMSEC sifunsa za thobwa, imafunsa m'Chingerezi. Anzathu a ku Malawi anena chimodzimodzi za MANEB. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikunena kuti mutaye mapepala a mayeso akale. Ndikunena za ndondomeko yake. Choyamba wophunzira aone kapena akhudze. Chachiwiri afotokoze m'chilankhulo chimene amaganizira. Chachitatu mumupatse mawu a Chingerezi. Chachinayi ayankhe funso la mayeso. Masitepe awiri oyambawo angakudyereni mapiriyodi awiri. Yerekezani ndi nthawi imene mumataya mu Okutobala kubwereza mutu womwewo kwa ana amene adaiwala zonse. Pajatu kuthamanga sikufika.

Wina anena kuti m'kalasi mwake muli zilankhulo zinayi, iye amadziwa ziwiri. Palibe kanthu. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amavomereza zilankhulo 16, ndipo Chichewa chili pomwepo pamodzi ndi Chindebele, Chishona, Chikalanga, Chitonga ndi Chinambya. Alekeni akambirane m'magulu m'chilankhulo chilichonse, koma gulu lililonse lipereke lipoti lake m'Chingerezi. Apa ndikuchenjezeni: mukathera pa chimera osawaolotsera ku Chingerezi, mwawanyenga. Woonetsetsa mayeso sadzamva za thumba lofunda. Adzafuna mawu oyenera, olembedwa bwino.

Pa sitepe yomalizayo khalani okhwima pa zinthu zitatu. Choyamba, mphamvu sipangidwa, imangotulutsidwa. Wophunzira alembe released, osati made kapena produced. Chachiwiri, zomera sizichita respiration usiku wokha. Zimachita nthawi zonse, kungoti masana photosynthesis imapambana, ndiye zimaoneka ngati zikungotulutsa okosijeni. Chachitatu, awerenge mneni wa funso. State akufuna yankho lalifupi, describe akufuna zimene zikuchitika, explain akufuna chifukwa chake. Woloweza amayankha mafunso atatuwa mofanana. Womvetsa amadziwa kusiyanitsa, ndipo funso likabwera litavala malaya achilendo sanjenjemera.

Mayi uja, patapita sabata ziwiri, adandibweretsera yankho la funso la mafulasiki. Chingerezi chake chidali chopunduka apo ndi apo, koma mfundo zonse zidalimo, ndipo adafotokoza yekha chifukwa chake nyemba zina adaziwiritsa. Chingerezi tidachikonza m'mphindi khumi. Kumvetsa kuja kukadapanda kukhalapo, sitikadakhala ndi chokonza.

Musangokhulupirira mawu anga. Sabata ino, musanayambe mutuwu, funsani kalasi yanu mafunso awiri: respiration imachitikira kuti, ndipo n'chifukwa chiyani chimera chimafunda? Ophunzira alembe mayankho pa timapepala popanda maina. Sungani timapepalato. Mukamaliza kuphunzitsa motsata masitepe anayi aja, funsaninso mafunso omwewo, muyerekeze mayankho, ndipo zimene mwapeza muzilembe mu ntchito yanu yotumiza kwa mlangizi wa phunziro lino.