Safunsa Anadya Phula: Ana Athu ndi Masamu

Kuno kwa Shikabeta, m'boma la Rufunsa, mwana amene amadziwa kuti mbuzi imodzi yasowa m'khola asanamalize n'kuwerenga komwe, ndiponso sapusitsidwa chenje kugolosale, akakhala pansi kulemba masamu amangoti kakasi. Vutoli lili m'dziko lonse. Zotsatira za mayeso a PISA for Development, zimene zinatuluka mu 2018, zinaonetsa kuti mwa ophunzira 100 alionse a zaka 15 m'Zambia, awiri okha ndiwo anafika pa mlingo wochepetsetsa wofunika pa masamu.

Zifukwa zina tonse tikuzidziwa. Maphunziro aulere atayamba mu 2022 ana anachuluka m'makalasi, ndipo mwana woyankhula Chisoli kunyumba amakumana ndi Chinyanja ndi Chingelezi kusukulu. Koma pali china chimene sichifuna ndalama za boma kuti chikonzeke: m'phunziro limeneli aliyense amachita manyazi kunena kuti "sindinamve".

Taganizani za samu iyi: 6 kugawa ndi theka. Mwana amauzidwa kuti atembenuze thekalo kenako achulukitse, yankho n'kukhala 12. Mwana woganiza amadabwa, pakuti chiyambire anamva kuti kugawa kumachepetsa zinthu. Nanga lero 6 wakula bwanji? Akalimba mtima n'kufunsa, kawirikawiri amayankhidwa kuti, "Ndi lamulo, iwe lemba." Chonsecho yankho lili m'dimba: dulani nzimbe 6 pakati iliyonse, mupeza zidutswa 12. Samuyo imangofunsa kuti matheka alipo angati mu 6. Mwana amene waona nzimbezo sangaiwale, koma woloweza lamulo lokha amalitaya mayeso asanafike, n'kuyamba kudziyesa mbuli, pamene funso lake linali lanzeru kuposa kukhala chete kwa anzake.

Sitikunyoza aphunzitsi athu, amene akugwira ntchito kutali ndi msewu waukulu wa Great East, ena mwa iwo anaphunzitsidwanso moloweza chomwecho. Pempho lathu n'lakuti funso likawakanika asachite mantha kunena kuti, "Ichi ndikachione bwino, mawa tidzachitire limodzi." Ulemu wawo suchepa ndi mawu amenewa, ndipo ana amaphunzirapo kuti kusadziwa si mlandu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga tingamdzudzule bwanji mwana kuti wadya phula pamene tinamtseka pakamwa ndife?

Nafenso makolo tili ndi mbali yathu. Timakonda kunena kuti, "M'banja mwathu mulibe mutu wa masamu," ngati kuti ndiko kudzichepetsa. Kumeneko n'kugwa ulesi chabe, ndipo si zoona. Mu Januwale 2013, pamene kwacha inachotsedwa maziro atatu, K5,000 n'kusanduka K5, amayi ogulitsa tomato ndi makala m'mbali mwa msewu ankagawa ndi 1,000 m'mutu tsiku lonse, opanda pensulo. Wodzichepetsa weniweni amakhala pamphasa ndi mwana wake n'kumuuza kuti, "Tandifotokozere, nanenso ndimve." Pofotokozapo ndi pamene mwanayo amazindikira pamene pakumuvuta.

Ngakhale akatswiri amapunthwa. Mu 1993, Andrew Wiles wa ku England analengeza ku Cambridge kuti wamasula samu ya Fermat, imene inazunguza anthu zaka zoposa 350. Patapita miyezi yochepa anzake anapeza mpata m'ntchito yakeyo. Iye sanakane kapena kukalipa. Anavomera poyera, nabwerera pa tebulo, naitana Richard Taylor, amene kale anali wophunzira wake, kuti adzamthandize. Mpatawo unatsekedwa mu Sepitembala 1994, ndipo ntchitoyo inasindikizidwa mu 1995 m'zigawo ziwiri, chachiwiricho chili ndi maina a onse awiri, mphunzitsi ndi wophunzira wake.