Jimmy Carter: msilikali amene anavula yunifomu n'kubwerera ku mtedza

Mu Julayi 1953 bambo awo a Jimmy Carter anamwalira ndi khansa kumudzi kwawo ku Plains, m'chigawo cha Georgia ku America. Apo n'kuti a Carter ali ndi zaka 28, ndipo pausilikali zinthu zinkawayendera. Anatsiriza maphunziro pasukulu ya asilikali apamadzi ya Annapolis mu 1946, anagwira ntchito m'sitima zoyenda pansi pa nyanja, kenako mkulu wa asilikali wodziwika ndi kuuma mtima, Hyman Rickover, anawasankha kulowa m'gulu lokonza sitima zoyendera mphamvu ya nyukiliya. Makina a nyukiliya atawonongeka ku Chalk River m'dziko la Canada mu Disembala 1952, a Carter anatsogolera anyamata amene anakathandiza kuwaphwasula. Poizoni wa pamalopo anali woopsa kwambiri moti munthu ankaloledwa kulowamo masekondi 90 okha.

Munthu wotereyu tsogolo lake linali loonekeratu. Koma atangoika maliro, anasiya ntchito n'kubwerera kwawo kukasamala munda ndi bizinesi ya mtedza imene malemuwo anasiya.

Anthu akamatamanda a Carter kuti anali bambo wokonda banja, ambiri amayambira pamenepa. Komatu pali mbali ina imene eni akewo sanabise m'mabuku awo: nkhani yaikuluyi anaigamula okha, osawafunsa akazi awo. Mayi Rosalynn, amene anakwatirana nawo pa 7 Julayi 1946, anali atazolowera moyo wa kutali ndi Plains. Ana awo aamuna atatu anabadwira m'malo osiyanasiyana motsata ntchito: Jack ku Virginia, Chip ku Hawaii, Jeff ku Connecticut. Mayiwa analera anawo okha pamene bambo anali panyanja, ndipo ufulu woyendetsa pakhomo unawakomera. Kubwerera kumudzi kunawapweteka mtima zedi, moti paulendo wonse wopita ku Georgia sanafune n'kulankhula komwe ndi amuna awo. Mkazi aliyense wa msilikali amene anasamukapo pakati pa Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu atamangirira katundu m'matumba, osafunsidwa maganizo, akudziwa mkwiyo umenewu.

Atafika anayamba kukhala m'nyumba za boma za anthu opeza movutikira, ndipo chaka choyamba chilala chinawononga mbewu. Apa ndi pamene banjali linayamba kuumbika mwatsopano. Mayi Rosalynn anatenga mabuku a ndalama za bizinesiyo n'kuyamba kuwerengetsera, mpaka anafika podziwa kuposa amuna awo kuti phindu likuchokera pati ndipo ndalama zikutayikira pati. Bambo amene anazolowera kulamula anyamata m'sitima anayamba kumvera malangizo a mkazi wake. Sizinachitike tsiku limodzi ayi, chifukwa ngakhale mu 1962, pofuna kupikisana nawo pampando wa nyumba ya malamulo ya Georgia, anayambanso kukonzeka asanawauze mayiwo. Atakalamba ankavomera poyera kuti khalidwe limeneli linali lolakwika. Ulemu wa a Carter monga mwamuna wapabanja wagona pamenepa: anasintha, ndipo kusinthako kunaoneka ndi maso.

Pamene a Carter ankalowa ku White House monga mtsogoleri wa dziko la America mu 1977, Mayi Rosalynn sanali wongokhala kuseri. Ankakhala nawo pamisonkhano ya nduna, ndipo chaka chomwecho anatumidwa kukaimira boma kumayiko a ku Latin America. Mwana wawo wamkazi, Amy, amene anabadwa mu 1967, anamulembetsa pasukulu ya boma mumzinda wa Washington.

A Carter usilikali sunawachoke m'magazi, koma sunawasandutse wokonda nkhondo. Mwana wawo Jack anamenya nawo nkhondo ya ku Vietnam, komabe atangolumbira a Carter anakhululukira achinyamata amene anazemba kulembedwa usilikali pankhondoyo. Bala lalikulu la utsogoleri wawo linadza mu Epulo 1980, pamene asilikali 8 anafera m'chipululu ku Iran poyesa kupulumutsa nzika za America zimene zinagwidwa ukapolo ku Tehran. A Carter anaima pamaso pa mtundu wonse n'kusenza mlanduwo okha. Chaka chomwecho anagonja pachisankho kwa Ronald Reagan.

Anabwereranso ku Plains mu 1981, m'nyumba yomwe ija anamanga mu 1961, n'kupeza bizinesi ya mtedza ili m'ngongole yoposa madola 1 miliyoni. Ulendo uno zochita anapangana awiri. Mu 1982 anakhazikitsa bungwe la Carter Center, limene linalimbana ndi matenda a nyongolotsi yotchedwa Guinea worm: mu 1986 odwala anali pafupifupi 3.5 miliyoni, koma mu 2023 anapezeka 14 okha. Kuyambira 1984, chaka ndi chaka ankanyamula hamala limodzi kukamangira nyumba osowa pansi pa bungwe la Habitat for Humanity. Abale athu a ku Zambia amawakumbukira a Carter chifukwa cha chisankho cha mu Okotobala 1991, pamene anatsogolera gulu la oyang'anira ochokera kunja, Kenneth Kaunda n'kutula pansi udindo mwamtendere kwa Frederick Chiluba. Mphotho ya mtendere ya Nobel inabwera mu 2002, koma Lamulungu ankapezekabe akuphunzitsa Sande sukulu patchalitchi chaching'ono cha Maranatha Baptist, ndipo usiku awiriwa ankawerengera limodzi Baibulo, ngakhale patsiku limene asemphana mawu.

Mayi Rosalynn anatsogola pa 19 Novembala 2023. A Carter, ali ndi zaka 99 komanso atafooka kwambiri, anakakamira kuti awanyamule panjinga ya odwala kukakhala nawo pamwambo wa maliro. Iwo anatsatira pa 29 Disembala 2024 ali ndi zaka 100, ndipo asilikali anawaperekeza ndi ulemu wonse. Lero sitima ina yankhondo yoyenda pansi pa nyanja imatchedwa USS Jimmy Carter. Ukwati wawo unatha zaka 77, ndipo palibe mtsogoleri wina wa dziko la America amene anakhalitsa m'banja chotere.