Kusaka mphunzitsi ku Maule: mtsutso wa ochemerera ndi zimene akuluakulu a timu amayang'ana

BLANTYRE: Pamene Kalisto Pasuwa adasiyana ndi timu ya FCB Nyasa Big Bullets kumapeto kwa chaka cha 2024, nkhani ya amene adzalowe m'malo mwake idakambidwa kwambiri kuposa zotsatira za masewero enieniwo. M'maminibasi a ku Ndirande ndi ku Chilomoni, mumsika wa Limbe, pa mapologalamu a zamasewero a pawailesi ngakhalenso m'maofesi a boma nthawi ya nkhomaliro, ochemerera timuyi adagawikana pawiri. Ena ankafuna mphunzitsi wina wochokera kunja, pomwe ena ankati nthawi yakwana yoti mwana wa pakhomo apatsidwe mpandowo.

Kuti mtsutsowu umveke bwino, m'pofunika kukumbukira kukula kwa mpando umene Pasuwa adausiya. Mkuluyu, yemwe kwawo ndi ku Zimbabwe, adafika ku Bullets mu 2018 atapambana kale ligi ya dziko lake kanayi motsatizana ndi timu ya Dynamos, kuyambira 2011 mpaka 2014, komanso atatsogolera timu ya dziko la Zimbabwe ku mpikisano wa African Cup of Nations wa 2017 ku Gabon. Ku Bullets adatenga ligi kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo m'chaka cha 2023 adasesa zonse: ligi ya TNM, chikho cha FDH Bank, cha Airtel Top 8 ndi cha Castel. Mu 2024 zinthu zidatembenuka. Ligi idapita ku Lilongwe, kwa Silver Strikers, ndipo chikho cha FDH Bank chidatengedwa ndi Blue Eagles. Chaka chimodzi chokhacho chidali chokwanira kuti ena mwa ochemerera ayambe kunena kuti nzeru za mphunzitsiyu zatha.

Amene ankafuna mlendo adali ndi mfundo yomveka. Iwo ankati ligi ya m'dziko muno Maule adaizolowera, ndipo chimene chatsala ndi kudziwika pa Africa. Apa mbiri siyokondweretsa. Mu mpikisano wa CAF Champions League timuyi idatulutsidwa ndi Simba ya ku Tanzania mu 2022, TP Mazembe ya ku Democratic Republic of Congo mu 2023 ndiponso Red Arrows ya ku Zambia mu 2024, isadafike m'ndime ya m'magulu. Kwa anthu amenewa, pankafunika munthu amene adaphunzitsapo matimu a m'mayiko omwe mpira wawo uli patsogolo, wodziwa kukonzekeretsa anyamata kukasewera ku Lubumbashi kapena ku Dar es Salaam popanda kunjenjemera.

Gulu linalo linkayankha ndi mbiri yomweyo. Ulendo umene Bullets idafika m'ndime ya m'magulu ya mpikisanowu udali mu 2004, timuyi ikutchedwa Bakili Bullets, ndipo panjira idatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa. Mphunzitsi wake adali Kinnah Phiri, Mmalawi, yemwenso adatengera Flames ku African Cup of Nations ya 2010 ku Angola, komwe idagonjetsa Algeria 3-0. Choncho iwo ankati vuto si kumene mphunzitsi adabadwira. Koma mfundo imeneyi ili ndi mbali imene eni ake sakonda kuitchula. Timu ya 2004 idali ndi thandizo la ndalama lochuluka kuposa limene matimu a m'dziko muno ankaliona nthawi imeneyo, moti idatha kusunga osewera ake abwino ndi kuwakonzekeretsa mokwanira. Luso la Kinnah Phiri silikukanidwa, koma lidagwira ntchito pamalo pomwe padali pokonzedwa kale.

Apa ndi pamene maganizo a ochemerera amasiyanirana ndi a akuluakulu oyendetsa timu. Wochemerera amatchula dzina. Mkulu wa timu amayamba wayang'ana m'thumba. Mphunzitsi wakunja kawirikawiri amafuna kuti malipiro ake awerengedwe m'madola, ndipo pamwamba pake pamafunika nyumba, galimoto, matikiti a ndege komanso chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno chochokera ku nthambi yoona zolowa ndi kutuluka. Mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Tanthauzo lake n'lakuti mgwirizano umene udasainidwa m'madola chaka cha 2022 chisadafike udayamba kudya makwacha ochuluka zedi, pomwe ndalama za pachipata ndi za makampani othandiza timu zimabwera m'makwacha. Aliyense amene adakonzapo ndondomeko ya chuma ya nthambi ya boma m'zaka zimenezi akudziwa mmene nkhani yotere imapwetekera.

Palinso nkhani ya mapepala. Malamulo opereka ziphaso ku matimu, omwe bungwe la Football Association of Malawi limatsata, amafuna kuti mphunzitsi wa timu ya mu ligi yaikulu akhale ndi chiphaso cha uphunzitsi chovomerezeka, ndipo bungwe la CAF limafuna chiphaso chapamwamba kwa amene akukhala pabenchi m'mipikisano yake. Izi zimachotsa pamndandanda maina ambiri amene ochemerera amawakonda chifukwa cha zigoli zimene eni akewo adamwetsa ali osewera. Kutchuka pabwalo sikulowa m'malo mwa chiphaso, ndipo aphunzitsi a m'dziko muno okhala ndi mapepala oyenera si ochuluka. N'chifukwa chake maina omweomwewo amangozungulira m'matimu akuluakulu.

Kumayambiriro kwa 2025 Bullets idasankha Peter Mponda. Chisankhochi chidakhutiritsa mbali zonse ziwiri pang'onopang'ono. Mponda adasewererapo timuyi, adakhalapo mtsogoleri wa osewera a Flames, adasewera ku Black Leopards ku South Africa, ndipo adagwirapo ntchito ngati wothandizira Pasuwa ku Bullets komweko. Koposa zonse, ndiye adali atangoilanda ligi timuyi potsogolera Silver Strikers mu 2024. Nthawi yomweyo Pasuwa adapatsidwa ntchito yophunzitsa Flames, pamene Silver Strikers idatsala ikusaka wolowa m'malo mwa Mponda. Mpando umodzi utagwedezeka ku Blantyre, ya ku Lilongwe ndi ya timu ya dziko idagwedezeka nawo.

Mtsutso sudathere pomwepo. Mu 2025 ligi idatengedwa ndi Mighty Wanderers, adani akalekale a Bullets, ndipo amene ankafuna mlendo adapeza poyambiranso. Chodabwitsa n'chakuti nkhani ya Manoma imene imatsutsa mfundo yawoyo. Timu ya pa Lali Lubani idayesa Mark Harrison wa ku England mu 2023, kenaka Nsanzurwimo Ramadhan wa ku Burundi mu 2024, yemwe sadamalize n'komwe chaka. Ligi imene idaithawa kuyambira 2017 idabwera m'manja mwa Bob Mpinganjira, mwana wa pakhomo yemwe adaisewerera timuyo. Komabe, kutenga chitsanzo chimodzichi ngati umboni wakuti alendo ndi osathandiza kungakhale kuiwala zikho zisanu za Pasuwa. Zimene zaka zimenezi zikuonetsa n'zakuti mphunzitsi, kaya wakuno kaya wakunja, adachita bwino pamene adapeza osewera okhazikika, malipiro obwera panthawi yake ndi akuluakulu omulola kugwira ntchito.

Funso lovuta kwambiri ndi la mphamvu za ochemerera eni ake. Kwa zaka zambiri Bullets ndi Wanderers zidali matimu a anthu, oyendetsedwa ndi makomiti osankhidwa, ndipo komiti ya ochemerera idali ndi mawu aakulu mpaka pa nkhani yolemba ndi kuchotsa aphunzitsi. Zidachitikapo m'mpira wa m'dziko muno kuti mphunzitsi adaletsedwa kulowa m'bwalo la zokonzekera ndi gulu la anthu okwiya, ndipo komiti idangotsatira pambuyo ndi kalata. Kuyambira pamene kampani ya Nyasa Manufacturing idatenga umwini wa Bullets mu 2017, mphamvuzo zidasamukira ku bodi ya kampani. Kusinthaku kudabweretsa bata, ndipo n'kokayikitsa ngati Pasuwa akadakhala zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa dongosolo lakale lija. Koma wochemerera ndiye amalipira pachipata, ndiye amagula yunifomu, ndipo ndi iye amene makampani amamufuna akamaika dzina lawo pachifuwa cha osewera. Bodi imene imasankha mphunzitsi popanda kufotokoza zolinga zimene yamupatsa imasiya mpata woti mphekesera zilamulire, ndipo mphunzitsiyo amayamba ntchito ali ndi adani amene sadawalakwire.

Nkhaniyi ikukhudzanso boma. Matimu angapo amene akhala akusewera mu ligi yaikulu ndi a nthambi za boma: Blue Eagles ndi ya apolisi, Kamuzu Barracks, Moyale Barracks ndi MAFCO ndi za asilikali, Civil Service United ndi ya ogwira ntchito m'boma, pamene Silver Strikers imathandizidwa ndi banki yaikulu ya Reserve. Ambiri mwa matimu amenewa sangakwanitse kulemba mlendo, ndipo amadalira aphunzitsi ophunzitsidwa konkuno. Ngati unduna woona zamasewero, bungwe la Malawi National Council of Sports ndi FAM atagwirizana zochulukitsa maphunziro a ziphaso zapamwamba za CAF, mndandanda wa osankhapo ungakule, ndipo timu imodzi ikafuna mphunzitsi sipangafunike kugwetsa nyumba ya inzake monga zidachitikira pakati pa Bullets ndi Silver Strikers kumayambiriro kwa 2025.