Dzino likagwa, musalisiye m'fumbi

Anyamata a kunyanja, makamaka inu amene mwapita ku Blantyre kukayendetsa kabaza ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri, tamverani izi. Magweru ambiri amene tikuwaona kwa anzathu akanapeweka. Munthu wagwa panjinga kapena wamenyedwa chigongono pampira, dzino lazuka lonse ndi muzu wake, ife n'kumangoseka, dzinolo n'kutsala pansi. Kumeneko ndi kusadziwa, abale.

Amene anatiphunzitsa nkhaniyi ndi agalu. Mu 1961 madokotala awiri a ku Norway, Harald Löe ndi Jens Waerhaug, anafalitsa zomwe anapeza atazula mano a agalu ndi anyani n'kuwabwezeretsa m'malo mwake. Kafukufuku wa mtundu umenewu wasonyeza kuti muzu wa dzino uli ndi kachikopa kopyapyala kamoyo kamene kamalumikiza dzino ndi fupa. Kachikopako kakakhala konyowa, dzino limagwiranso. Kakauma kupitirira mphindi 60, kamafa, ndipo thupi limayamba kudya muzuwo pang'onopang'ono mpaka dzino kutha. Zili ngati usipa, ukautulutsa m'madzi ulibe nthawi yodikira.

Ndiye chochita ndi ichi. Tolani dzinolo pogwira kumutu kwake, osati kumuzu. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka, osalipala, osalipaka sopo. Mukalimba mtima libwezereni pomwe lachoka, mwiniwake alume kansalu koyera. Mukaopa, liikeni mumkaka wapagolosale kapena m'malovu a mwiniwakeyo. Osalikulunga papepala, limauma. Kenako liwiro ku Queens, kumbali ya mano. Kumeneko amalimangirira ku mano oyandikana nalo pafupifupi milungu iwiri. Koma dzino la mwana lomwe likanagwa kale lokha musalibwezere, mungawononge lalikulu lomwe likubwera pansi.

Ena muti, aaa dzino limodzi ndi chani, bola moyo. Zoona, ngati mutu wavulala yambani ndi mutu. Koma dzino loikirira ndi lodula, ndipo madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa, sukulu yawo inangoyamba mu 2019 ku College of Medicine. Mkaka ndiye otchipa.

Ine ndikuti wapampando aliyense wa siteji ya kabaza ndi kochi wa timu iliyonse adziwe zimenezi. Ndipo chisoti chija valani chotseka chibwano. Tumizirani mnzanu wa kabaza.