KOMPYUTA IKAKANA WI-FI, MUSAFULUMIRE KUIWERUZA

Pali chizolowezi china chimene chayamba kumera mizu m'sukulu zathu ndi m'maofesi momwe, ndipo ife tikuona kuti n'choyenera kuchidzudzula chisanakhwime. Kompyuta ikangolephera kulumikizana ndi Wi-Fi, eni ake amaiweruza pomwepo kuti yafa. Ena amaitsekera m'kabati kuti idikire "munthu wodziwa" amene mwina adzabwera teremu yamawa. Ena amainyamula ulendo wa kutauni, nakalipira basi ndi mmisiri yemwe, pa chilema chimene mwana wa Fomu 2 akadachotsa tiyi asanazizire. Zimenezi si zoseketsa ayi, pakuti masiku ano mafomu ofunsira malo m'sukulu za ukachenjede, ngakhalenso makalata ofunsira ntchito, ambiri amatumizidwa pa intaneti, ndipo tsiku lotsekera silidikira munthu amene makina ake avuta.

Akuluakulu adati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Munthu wonena kuti "intaneti sikugwira" sanatchule njuchi imene yamuluma. Uthenga ukachoka m'kompyuta umadzera pa kachipangizo ka wayilesi kamene kali m'kati mwa kompyutamo, nufika pa rauta kapena pa foni imene ikugawa Wi-Fi, ndipo kuchokera pamenepo kampani yogulitsa intaneti ndiyo imaupititsa kutali. Wi-Fi ndi kagawo koyamba kokhako, kochokera pa kompyuta kufika pa rauta. Ili ngati kanjira kochokera pakhomo kukatulukira ku msewu waukulu. Kanjirako kangathe kukhala kolambulidwa bwino, koma ngati mlatho wa pamsewu wakokoloka, kumsika simufika. Amene wamvetsa kusiyana kumeneku wagwira kale theka la ntchito.

Tsono funso loyamba n'lakuti: kodi vuto lili pakanjira kapena pamsewu? Tengani foni kapena kompyuta ina, muilumikize ku Wi-Fi yomweyo. Nayonso ikalephera, kompyuta yanu ilibe mlandu, ilekeni. Yang'anani ngati bandulo ilipo, ndiponso ngati ili yoyenera, chifukwa bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha siitsegula masamba ena, ngakhale foni ionetse kuti mamegabaiti adakalipo ambiri. Kenaka zimitsani rauta, mudikire theka la mphindi, muiyatsenso. Magetsi akathima n'kuyakanso mwadzidzidzi, rauta nthawi zina imasokonezeka, ndipo kuizimitsa kotereku kumaibwezera m'chimake.

Zinazo zikalumikizana bwinobwino, ndiye kuti mlandu watsalira kompyuta, ndipo apa mpofunika kudekha. Ngati sikuonetsa dzina la netiweki ngakhale limodzi, kawirikawiri wayilesi yake ndi yozimitsidwa. Malaputopu akale ena ali ndi kaswitchi m'mbali kamene kamasuntha kokha m'chikwama, ena amazimitsa wayilesi munthu akadina batani la Fn pamodzi ndi lina la mzere wapamwamba, ndipo mu Windows muli chizindikiro cha ndege chimene chikayaka chimatseka wayilesi yonse. Zinthu zitatuzi zapititsa makompyuta ambiri kwa amisiri alibe nthenda.

Nanga ikamaona Wi-Fi ya anansi koma yanu yokha ayi? Apa tikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene aphunzitsi ambiri amagwa mphwayi. Wi-Fi ndi wayilesi, ndipo monga wayilesi ya m'nyumba ili ndi mabandi ake. Odziwika kwambiri ndi awiri, la 2.4 GHz ndi la 5 GHz. Malamulo oyamba a kalumikizidwe kameneka, otchedwa 802.11, adakhazikitsidwa m'chaka cha 1997, dzina lakuti Wi-Fi nkubwera mu 1999, ndipo kwa zaka zambiri makompyuta otsika mtengo ankapangidwa akumva bandi la 2.4 lokha. Makompyuta ambiri amene sukulu zathu zimalandira ngati mphatso ndi a mbadwo umenewo. Foni yatsopano ikamagawa pa 5 GHz, kompyuta yotere siimva kanthu, monga momwe wayilesi ya FM yokha singagwire nyumba youlutsa pa shotiwevu. Mankhwala ake ali m'foni kapena m'rauta: lowani pamene amasinthira za hotspot, musankhe 2.4 GHz. Bandi limeneli lilinso ndi ubwino wakuti limapyola makoma kuposa linzakelo. Ndipo tinene pano kuti rauta yotsekeredwa m'kabati yachitsulo mu ofesi ya ahedi, kuopa akuba, singatumikire kalasi imene ili kuseri kwa makoma atatu a njerwa zootcha. Kuopa akuba n'koyenera, koma chitsulo chimatchinga wayilesi. Chimodzimodzinso ndi maloko a netiweki: loko wa WPA3 adabwera mu 2018, ndipo makompyuta akale ambiri amadziwa WPA2 wa mu 2004. Rauta ikaikidwa pa WPA3 yekha, kompyuta yakale imakanidwa pakhomo ngakhale pasiwedi ili yolondola.

Za pasiwedi anthu amachita nazo manyazi, koma m'menemo ndimo mumabisala zolakwa zochuluka. Chilembo chachikulu ndi chaching'ono si chimodzi, ndipo batani la Caps Lock likakhala loyaka zonse zimatembenuka. Palinso msampha wina umene sudziwika kwenikweni. Kiyibodi ya ku Britain ndi ya ku America zimasinthanitsa malo a chizindikiro cha @ ndi cha mitengero. Kompyuta yochokera ku London ikaikidwa Windows ya kalembedwe ka ku America, batani limalemba chosiyana ndi chimene chajambulidwa pamwamba pake, ndipo popeza pasiwedi imaoneka ngati timadontho, wolembayo saona kusokonekerako. Lembani pasiwediyo poyera kaye, muone chimene chikutuluka. Ngati idasinthidwa posachedwa, uzani kompyuta kuti iiwale netiwekiyo, mulowenso ngati mlendo.

Chotsala ndi chija chimakwiyitsa koposa: kompyuta ikuti yalumikizana, koma tsamba silikutseguka. Tsegulani Command Prompt mulembe ipconfig. Rauta imapatsa chipangizo chilichonse nambala yake, imene m'nyumba ndi m'sukulu kawirikawiri imayamba ndi 192.168. Mukaona yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti rauta sinapereke nambala ndipo kompyuta yangodzipatsa yokha; mwina rauta yadzaza, pakuti timarauta ta m'thumba timalola zipangizo zowerengeka chabe, ndipo pasiwedi ya sukulu siichedwa kufika kwa ana onse. Nambala ikakhala yabwino, lembani ping 8.8.8.8, imene ndi kompyuta ya kampani ya Google. Ikayankha koma masamba osatseguka, msewu ndi wotseguka ndithu, chavuta ndi DNS, ndiko kuti kaundula amene amasandutsa maina a masamba kukhala manambala. Musaiwalenso kuyang'ana tsiku ndi nthawi pakona pa sikirini. M'kompyuta muli kabatire konga ndalama yachitsulo kamene kamasunga nthawi, ndipo kakatha mphamvu kompyuta imabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Masamba otetezedwa amakana kompyuta ya tsiku lolakwika, ndipo munthu amapsera mtima Wi-Fi yosalakwa.

Mawu athu tsopano apite kwa aphunzitsi anzathu, makamaka a phunziro la Computer Studies. Ophunzira athu amatha kulemba pamayeso tanthauzo la netiweki ndi mitundu yake, koma akaikidwa patsogolo pa kompyuta yokana amapinda manja. Chimene akusowa ndi chizolowezi chofunsa funso limodzi, kusintha chinthu chimodzi, n'kuona chimene chachitika asanakhudze china. Ndi njira yomweyo imene timawaphunzitsa mu labotale ya sayansi. Bwanji mphunzitsi osazimitsa dala wayilesi pa kompyuta imodzi, kusokoneza tsiku pa ina, kusintha kiyibodi pa yachitatu, n'kuwauza ana kuti apeze nthenda? Phunziro limodzi lotere silifuna ndalama. Ndipo pakhale kope m'chipinda cha makompyuta lolembamo vuto, tsiku ndi chimene chidathandiza, kuti mphunzitsi akasamutsidwa nzeru zisasamuke naye.

Sitikunena kuti amisiri alibe ntchito. Kachipangizo ka wayilesi kamafa ndithu, ndipo pulogalamu yoyendetsa kachipangizoko, imene amati driver, imasowa makamaka Windows ikangoikidwa kumene. Koma ngakhale pamenepo njira ilipo: lumikizani foni ku kompyuta ndi chingwe cha chaja, muyatse USB tethering, ndipo mupeza intaneti yokwanira kutumiza fomu yanu kapena kukopera driver yosowayo. Kachipangizo kakafa, kena kobaya pa USB kamagulitsidwa m'masitolo a zamakompyuta pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi laputopu ina. Ndipo mmisiri akakuuzani kuti afufute zonse aikemo Windows ina, pomwe sanayang'ane n'komwe zimene tatchulazi, mufunseni kaye chimene wapeza, ndipo musamulole kuyamba musanakopere masatifiketi anu, manotsi ndi malikisi a ana pa fulashi.