Chiunda choyera si umboni wa kuba

Abale anga a kuno ku Njewa, ndi inu a m'tauni amene mumafika ndi thumba kudzatenga maunda pa Khrisimasi, lero ndilankhuleko za mtundu wa nthenga. Nkhaniyi yadanitsa anthu oyandikana nyumba. Nkhunda ziwiri zotuwa zikaswa chiunda choyera, wa khola loyandikira amati "ameneyu wandibera." Wina amathamangira kunena kuti ndi tsenga. Ine ndikuti ayi, tisiye zimenezi.

Mbalame iliyonse imatenga mbewu ziwiri za mtundu, ina kwa tate, ina kwa mayi. Pali mbewu yamphamvu imene imaonekera, pali ina yofatsa imene imabisala. Nkhunda yotuwa ikhoza kusenza uyera m'magazi moyo wake wonse, inu osaona kanthu. Ikapeza inzake yosenzanso chimodzimodzi, pa maunda anayi alionse chimodzi chimayembekezeka kutuluka choyera. Ndiye kumbukirani, nkhunda imaikira mazira awiri okha nthawi imodzi. Ikhoza kuswa kangapo konse zotuwa zokhazokha, choyeracho n'kudzatulukira mochedwa, mwini khola ataiwala kale kuti agogo ake a nkhundazo anali otani.

Zimenezi sindinazipeke pa bawo. Gregor Mendel, wansembe wa ku Ulaya, anaziona pa nsawawa za m'dimba mwake ndipo anazilemba mu 1866. Oweta timbalame ta m'nyumba tochokera ku Australia, totchedwa zebra finch, amatsata lamulo lomweli akafuna toyera. Amalemba m'kope kuti kholo ndi liti, mwana ndi uti. Ife timangodalira maso, kenako tikupita kwa amfumu kukasuma.

Onaninso nkhuku. Tambala wakuda wa Mikolongwe akakwera thadzi lathu lachikuda, anapiye ambiri amatuluka akuda. Koma anapiyewo akakula n'kukwerana okhaokha, mawanga a agogo aja amabwerera. Palibe amene wasinthanitsa mazira usiku.

Chimene chiyenera kutidetsa nkhawa ndi china. Zobisala m'magazi si mtundu wokha, mulinso zofooka. Tikamasiya mbalame zapachibale kumakwerana chaka ndi chaka chifukwa tikufuna zoyera zokhazokha, mazira ambiri amasukusa, ana amatuluka onyentchera. Khola lokongola koma lopanda ndiwo, phindu lake n'chiyani?

Ndiye pempho langa ndi ili. Mukamagula nkhunda kapena tambala pa msika wa Nsaru kaya Namitete, funsani za makolo ake, osangoti "yokongola iyi." Tizisinthana atambala ndi anzathu a ku Kabudula kapena Mpingu kuti magazi asinthe. Ndipo chiunda chachilendo chikaoneka m'khola la mnzanu, yambani mwawerenga zanu madzulo zikalowa. Zikakwana, kamuyamikireni mnzanuyo, mwina adzakugawirani chimodzi.

Amene munaonapo zotere m'khola mwanu, tiuzeni mitundu ya makolo ake tiwerengere limodzi.